Ngongole Zomwe Sazilengeza Pamaliro

Pamaliro a kumudzi m'boma la Thyolo, mlaliki asanaimirire, pamakhala kamphindi kamene ngakhale amayi a kusiwa amadukiza nyimbo kuti amve. Woimira banja kapena nyakwawa amaima pafupi ndi bokosi n'kunena mawu amene aliyense amawadziwa kale: "Ngati alipo amene malemuwa anali naye ngongole, kaya amene adakongola kwa malemuwa, aonane ndi akubanja tikabwerako kumanda." Palibe amene amakweza mkono pomwepo. Koma m'mawa mwake, kapena tsiku la kumeta, amabweradi: wagolosale ndi kope lake, mlembi wa banki m'khonde, mnyamata wa kabaza amene ankapititsa odwala ku chipatala cha Malamulo pongongole. Mlandu suola, ndipo abale safuna kuti munthu wawo agone ndi dzina lothimbirira.

Chilengezochi chimamveka mwamtundu wina ngati wogona m'bokosiyo ndi munthu amene ntchito yake, kuyambira unyamata mpaka imvi, idali kuwerengera ngongole za anthu ena.

Mbadwo wa Amalawi oyamba kukhala kuseri kwa kauntala ya banki ukutha tsopano. Ambiri adabadwa m'ma 1940, adalowa ntchito dziko litangolandira ufulu, n'kudzapuma cha m'ma 2000. Ena adatsalira ku Blantyre, koma ena adabwerera kwawo ku Bvumbwe, ku Luchenza, ku Makwasa kapena ku Thekerani, n'kumanga nyumba ya malata kumene mizere ya tiyi imathera. Akamwalira, mphwawo amawerenga mbiri kuchokera papepala: adabadwa chaka chakuti, adaphunzira kwakuti, adayamba ntchito ngati kalaliki, adakwezedwa, adasamutsidwira ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu, adapuma, asiya mkazi, ana angapo ndi zidzukulu zakutizakuti. Mphindi zitatu, basi. Zidzukuluzo zimalowa m'mbiriyo ngati nambala chabe, chonsecho ndizo zimene zikugubuduka kwambiri pafumbi.

Nanga munthu wotereyu tizimukumbukira ndi chiyani, ndipo kukumbukirako kumapindulira yani?

Mwana wobadwira pa esiteti ya tiyi masiku amenewo ankabadwira m'ngongole. Tiyi adafika ku Thyolo mu 1908, pa Bandanga, atayamba kale kulimidwa ku Mulanje, ndipo m'zaka zotsatira ma esiteti onga Satemwa, yomwe Maclean Kay adaiyambitsa mu 1923, Conforzi ndi Naming'omba adaphimba zitunda zambiri zachonde. Mabanja a Alhomwe amene adaoloka malire pothawa nkhanza za Apwitikizi ankapatsidwa pomanga nyumba ndi kadimba, koma lendi yake inali thukuta. Imeneyo ndiyo thangata. Mkwiyo wake udaphulika m'bomali mu Ogasiti 1953, ndipo lamulo lothetsa mchitidwewu lidabwera mu 1962. Mnyamata amene adapulumukira m'kalasi ya mishoni, n'kukhoza masamu a mapaundi, masheleni ndi mapeni, mapeni 12 mu sheleni ndi masheleni 20 mu paundi, adakalowa m'banki akudziwa bwino kukoma kwa kukhala ndi ngongole yosatha.

Ntchito yakeyo sinali ya tayi yokha monga ankaionera anzake kumudzi. Makompyuta asanabwere, chilichonse chinkalembedwa pamanja m'mabuku akuluakulu a leja. Chitseko chikatsekedwa masana, ntchito yeniyeni imayamba: ndalama za m'kabati ziyenera kufanana ndendende ndi zolembedwa, ndipo ikasowa tambala imodzi palibe woweruka, mpaka usiku, mpaka ipezeke. Mu Febuluwale 1971 adaphunzira kuwerenga kwacha, makwacha awiri pa paundi imodzi. Chaka chomwecho Barclays ndi Standard zidaphatikizana n'kubala National Bank of Malawi, ndipo Commercial Bank of Malawi, yomwe lero ndi Standard Bank, inali itangoyamba kumene. Malipiro a ma esiteti ankachokera m'manja mwa anthu ngati iye, m'zikwama zomata, kukagawidwa m'maenvelopu kwa anthu odinda chala.

Othyola tiyiwo banki sinkawadziwa. Chithunzi chawo chidaikidwa kuseri kwa ndalama ya mapaundi 5, yaikulu kuposa zonse mwa ndalama zoyamba za Malawi, akuthyola pansi pa phiri la Mulanje, koma ndalamayo ambiri sadaigwirepo. Ngongole inkapita kwa mwini esiteti chifukwa anali ndi chikalata cha malo choti n'kuika chikole. Mwini kamunda ka makolo analibe. Ndipo amene ankauza anthu otere kuti "pepani, sizitheka" nthawi zambiri anali mwana wa kwawo konkuno.

Apa ndi pamene alaliki a pamaliro amalambalala. Baibulo silikonda chiwongoladzanja. Eksodo 22 imaletsa kuchilandira kwa wosauka, Deuteronomo 23 imaletsa kuchilandira kwa mbale, ndipo Salimo 15 imaika wosakongoza mwa phindu pa mndandanda wa oyenera kukhala m'chihema cha Mulungu. Mpingo wakale sunkaseka nazo. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Lateran mu 1179 udalamula kuti wokongoza ndalama mwa phindu poyera asalandire mgonero, ndipo akafa osalapa asaikidwe mwachikhristu. Kukhala kuti lamulolo lilipobe, amayi a Mvano kapena a Dorika sakadaimba pamaliro a bwana wa banki. Asilamu mpaka lero amawerenga m'sura yachiwiri ya Korani kuti malonda ndi ololedwa koma riba ndi yoletsedwa.

Khomo adalitsegula, mwa ena, ndi John Calvin, kholo la chiphunzitso cha CCAP, amene m'kalata ya mu 1545 adati phindu loyenera pa ndalama yochitira malonda si tchimo, bola lisachokere kwa mmphawi wokongola chifukwa cha njala. Mu 1810 mbusa wa ku Scotland, Henry Duncan, adatsegula banki yosungirako ndalama anthu wamba a mumpingo wake ku Ruthwell. Ndi anthu a magazi omwewo, amalonda opemphera a ku Glasgow, amene adayambitsa African Lakes mu 1878, kampani ija tonse timaitcha Mandala, ndipo ndiyo idayamba kuchita ntchito za banki m'dziko muno m'ma 1890. Choncho banki ndi tchalitchi zidafika kuno pa sitima imodzi. N'chifukwa chake mlaliki amathamangira fanizo la matalente pa Mateyu 25, pamene mbuye akudzudzula kapolo waulesi chifukwa chosapereka ndalama kwa osunga ndalama kuti ibale phindu. Ndime imeneyo imatonthoza anamfedwa, ndipo palibe cholakwika kutonthoza anamfedwa. Koma chenjezo la Calvin lija lokhudza mmphawi limatsalira m'thumba la jekete.

Wina anganene kuti poyerekeza ndi katapila, banki ndi mngelo. N'zoona. Pa tsiku la malipiro pa esiteti, wakatapila amakhala atafika kale pafupi ndi makina otapira ndalama, makadi a anthu ali m'manja mwake, ndipo wokongola K20,000 amabweza K30,000 kapena K40,000 mwezi usanathe. Komabe ambiri amene amagwa m'manja amenewa ndi omwe aja banki idawabweza pakhomo. Ngakhale olandiridwawo sapuma: mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezerapo pawo. Bambo wa kuseri kwa kauntala si amene ankakhazikitsa manambalawa, koma ndi amene ankadya kuchokera pa iwo, n'kuphunzitsira ana ake. Kumukumbukira ngati munthu amene sadalakwirepo aliyense ndi kumunamizira. Chimene tinganene mosaphethira n'chakuti adasunga ndalama za eni ake zaka makumi atatu kapena anayi osatolapo, ndipo m'dziko limene macheke a Cashgate adadutsa pa makauntala a mabanki mu 2013, umenewo si umboni wochepa.

Thyolo ili ndi chitsanzo chimene dziko lonse limachidziwa cha munthu wa zachuma amene adakonzeratu mmene adzakumbukiridwire. A Bingu wa Mutharika adabadwa mu 1934 m'mudzi wa Kamoto, kufupi ndi Goliati, mwana wa mphunzitsi. Adagwirapo ntchito yoona za ngongole ku World Bank, adatsogolera bungwe la COMESA, ndipo adakhalapo wachiwiri kwa gavanala wa Reserve Bank asanakhale nduna kenako mtsogoleri wa dziko mu 2004. Mkazi wawo, Mayi Ethel, atamwalira mu 2007, a Mutharika adamanga nyumba yoyera ya manda pa famu yawo ya Ndata, Mpumulo wa Bata, ndipo iwonso adaikidwa momwemo pa 23 Epulo 2012, atamwalira pa 5 mwezi womwewo.

Nyumbayo ndi yokongola, koma siidathe kulamula anthu choti azikumbukira. Mlimi amakumbukira makuponi a feteleza a kuyambira mu 2005 ndi nkhokwe zodzaza. Woyendetsa minibasi amakumbukira kugona pa mzere wa mafuta. Mabanja ena amakumbukira 20 Julaye 2011, pamene anthu pafupifupi 20 adaphedwa pa zionetsero. Mbali zonse ziwiri za leja zili m'mitu ya anthu, ndipo palibe mwala umene ungafufute imodzi. Chimene chimayenda m'matumba a anthu tsiku ndi tsiku kuchokera ku Ndata si mandawo, koma sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomangidwa pa malo amene iwo adapereka, yomwe idatsegulidwa mu 2014 ndipo ili kuseri kwa ndalama ya K2,000 yotuluka mu 2016.

Bambo wathu wa ku Luchenza kapena ku Makwasa alibe nyumba yoyera. Chimene chidamupeza atapuma ntchito sichidalembedwe m'makalata a penshoni.

Ankayembekeza kuweta nkhuku, kukhala mkulu wa mpingo ndi kusunga chuma cha komiti ya sukulu, poti aliyense amati "apatseni a ku banki aja." M'malo mwake adayamba kuika ana ake. Edzi idakantha Thyolo koopsa m'ma 1990, m'midzi ndi m'makomboni a ma esiteti momwe. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba ntchito m'bomali mu 1997, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mu 2003, koma kwa mabanja ambiri adafika mochedwa. Ana amasiye adathera m'manja mwa agogo. Nthawi yomweyo penshoni inkasungunuka. Kwacha imene mu 1971 inkaposa dola mphamvu idafika pa K168 pa dola imodzi, n'kugwera pa K250 mu Meyi 2012, ndipo mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti kufika cha pa K1,700. Munthu amene ankalangiza anzake kuti azisunga ndalama ku banki adaona ndi maso ake zosunga zake zikusanduka ndalama ya matumba awiri a feteleza.

Pa mwambo wa kuno, panalibe chomukakamiza. Alhomwe ndi Amang'anja amatsata kuchikazi. Ana a mwana wake wamkazi ndi mbumba ya kwa mkazi wake, ndipo woyankha milandu yawo ndi malume awo. Ana a mwana wake wamwamuna ndi a kwa amayi awo, mudzi wina. Iye mwini, ngati adamanga kwa mkazi, ndi mkamwini ngakhale mutu utayera mbuu. Chonsecho ndi iye amene amadzuka mbandakucha kukaima pa mzere kwa ahedi kupepesa kuti fizi ichedwereko sabata imodzi. Ndi iye amene amanola pensulo ndi lezala madzulo, n'kuyang'anira kamnyamata kakulimbana ndi masamu ogawa, osakauza yankho, kungogogoda chala pamene pasokonekera. Kamtsikana kakabwera ndi madzi akumwa amakaseka kuti, "Akazi anga, mwachedwatu, kodi mwapeza amuna ena?" Iko n'kuyankha kuti, "Agogo inunso, mano mulibe." Nthabwala imeneyi bambo ake akadakhala moyo sakadaiyerekeza.

Ena mwa agogo otere chizolowezi cha ntchito sichiwachoka. Amakhala ndi kope la chikuto cholimba momwe amalemba chilichonse: tsiku, dzina la mdzukulu, yunifolomu, nsapato, ndalama ya mayeso, thiransipoti, malisiti atamatidwa kumbuyo. Mzere wa zotuluka umadzaza tsamba ndi tsamba. Mzere wa zobwezedwa sajambula n'komwe.

Ngongole imeneyi nyakwawa sailengeza, koma zidzukulu zimaidziwa, ndipo imaziwawa chifukwa ambiri amamaliza sukulu n'kupeza ntchito agogo atapita kale. Funso limene limawasowetsa tulo ndi lachipembedzo ngakhale kwa amene sapita kutchalitchi: kodi pali chimene wamoyo angatumize kwa wakufa n'kumufika?

Ku Thyolo funsoli lili ndi mayankho ambiri, nthawi zina m'nyumba imodzi. A Adventist, amene akhala pa Malamulo kuyambira 1902, amati ayi. Potsamira pa Mlaliki 9, amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu, samva kulira kapena kuyamika, mpaka tsiku la kuuka. Mabuku a ntchito za anthu alipo, koma ali kumwamba, ndipo m'chiphunzitso chawo akhala akufufuzidwa kuyambira 1844. Wapadziko sangalembemo kanthu m'malo mwa mnzake. Kwa munthu wa ku banki chiphunzitsochi n'chosavuta kumva: akaunti ikatsekedwa, yatsekedwa. A CCAP amakhulupirira kuti mzimu wa wokhulupirira umapita kwa Ambuye nthawi yomweyo, koma nawonso sapempherera akufa. Amathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo, basi. Akatolika a ku Thunga ndi ma parishi ena amati inde: mdzukulu akhoza kupereka Misa, akhoza kupita kumanda pa 2 Novembala pamene ansembe amadalitsa manda, ndipo pemphero lake limathandiza mzimu umene ukuyeretsedwa. Asilamu amayamba ndi kubweza ngongole za malemu chuma chisanagawidwe, kenako sadaka ndi mapemphero a ana, zomwe amati zimamufika.

Pansi pa zonsezi pali chikhulupiriro chimene chidalipo mishoni zisanabwere, ndipo sichidachoke. Azakhali akalota malemu atavala nsanza kapena akudandaula za njala, m'banjamo mumayamba manong'onong'o, ndipo thobwa limaphikidwa ngakhale abusa asauzidwe. Mwana wamwamuna akabadwa chaka chomwecho amapatsidwa dzina la agogowo, ndipo amayi ake omwe amamuitana mwaulemu ngati akuitana apongozi.

Mbusa wa Anglican wa ku Kenya, John Mbiti, m'buku lake la mu 1969 lonena za zipembedzo ndi nzeru za Aafrika, adafotokoza kuti womwalira amakhalabe pakati pa abale ake malinga ngati alipo wina amene adamuona ndi maso ndipo amamutchula dzina. Womaliza wotereyo akafa, m'pamene munthu uja amalowa m'gulu la mizimu yosadziwika. Ngati zili choncho, zidzukulu ndizo zimanyamula gawo lalitali. Anzake a kuntchito amatsatira posachedwa, banki imasintha dzina ndi eni ake, mafayilo amatayidwa. Post Office Savings Bank ya mu 1911 idasanduka Malawi Savings Bank, nayo n'kugulitsidwa mu 2015. Ndani lero angatchule amene ankadinda timabuku take? Koma kamtsikana kaja kamene kankatchedwa "akazi anga" kakhoza kudzafika zaka 80 kakukumbukirabe fungo la jekete lawo.

Pakati pa mayankho onsewa, la a Adventist ndi louma kwambiri, koma lili ndi phindu limodzi: limachotsa chiyembekezo chakuti munthu angalipire mochedwa chimene adalephera kupereka agogo ali moyo. Chodabwitsa n'chakuti nawonso amawerenga mbiri, amayala nkhata, amamanga ziliza. Ngati wakufayo sakumva, akuuza yani? Zikuoneka kuti ngakhale amene amakhulupirira kuti pemphero limafika kutsidyako, gawo lalikulu la mwambowu limalankhula kwa okhala pa mphasa. Ndipo ngati ndi choncho, mbiri ya mphindi zitatu ija ikuwamana zambiri. Imatchula maudindo amene banki idapereka n'kulandanso, koma siitchula anthu amene adabwezedwa pakauntala, kapena ana asanu ndi mmodzi amene adadya m'mbale imodzi ya penshoni. Munthu wosalakwa, wa maudindo okhaokha, palibe angamutsanzire.

Mkangano weniweni umabuka pakatha miyezi ingapo, banja likakhala pansi kukambirana za chiliza. Amene ali ku Johannesburg amafuna cha mwala wonyezimira, chokhala ndi chithunzi, ndi mwambo wotsegulira wokhala ndi matenti ndi zovala zofanana. Agogo aakazi amakhala chete, koma akudziwa kuti m'nyumbamo mwatsala awiri: wina ali Folomu 2 kusukulu yogonera komweko, wina wangosankhidwa kupita ku koleji. Chiliza si tchimo. M'boma la anthu oposa 700,000 pa kalembera wa 2018, momwe malo ndi ochepa ndipo manda amadzaza msanga, mtumbira wopanda chizindikiro umasowa pakangotha dzinja zingapo. Koma simenti ikhoza kudikira chaka china, pamene teremu siidikira.

Lamulo la dziko lidaganizirapo za ana otere. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, komanso limazindikira ngati wodalira malemu mwana wamng'ono amene malemuwo ankamulipirira sukulu, ngakhale asakhale wobereka okha. Mdzukulu wa Folomu 2 uja ali ndi gawo lake. Vuto limakhala umboni, chifukwa pa nthawi yogawana aliyense amakumbukira zomukomera, ndipo amalume a mbali zonse ziwiri amafika ndi nkhani zawo. Ku ofesi ya DC kapena kwa Administrator General amafuna mapepala. Mabanja amene agogo awo adasiya kope la chikuto cholimba lija, malisiti a sukulu ali momwemo, amapita nalo limenelo.